Nyundo Siimasula Fuliwilo

Kuseri kwa mabalani akale a fodya, pa famu ina ya ku Tengwe m'boma la Hurungwe, pali mtengo wa mango umene mthunzi wake wakhala malo okonzerapo njinga kwa zaka zambiri. Mwini malowo ndi mkulu wamfupi, wa imvi mbuu, wa zala zopindika ngati mizu ya chinangwa. Achishona amamuitana kuti sekuru, ana a m'komboni amati agogo, ndipo dzina lake lenileni limamveka pamaliro pokha, powerenga mayina a amene apereka chipepeso. Chuma chake chonse chimakwana m'kabokosi kachitsulo kamene amatuluka nako m'mawa uliwonse, n'kukabweza kunsi kwa bedi dzuwa likalowa.

Kabokosiko adasiyiridwa ndi bambo ake. Iwo adachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe limene linkasonkhanitsa amuna a ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu a azungu. Adawoloka Zambezi pa Tete kusadamangidwe mlatho, nafika m'dziko la fodya ali ndi bulangete limodzi. Monga anzawo onse a ulendo umenewo, cholinga chidali kugwira zaka ziwiri kapena zitatu, kugula suti, chipewa ndi njinga, kenaka kukalowa m'mudzi akuliza belu kuti ana athamangire kumsewu. Njingayo adaiguladi, ya Humber yakuda yopangidwa ku Nottingham, imene anthu ankangoti Hamba. Koma kumudzi sadabwerere. Adakwatira pafamu pomwepo, nabereka ana, ndipo kwawo adayamba kuwawerengera m'gulu la matchona. Manda awo ali kumapeto kwa komboni, kufupi ndi kumene gule amatulukira.

M'kabokosimo muli masipanala a mainchi, amene amakwana manati a njinga zakale za ku Mangalande. Sipanala ya mamilimita ikaikidwa pa nati yotere imaterera, n'kudya ngodya zake mpaka kusanduka yobulungira. Mulinso tupa ziwiri, nyundo, msomali waukulu wodulidwa nsonga, kachidutswa ka paipi, ndi chitsulo china chimene mkuluyo amachikulunga m'kansalu kake kokha. Chitsulocho adachisula ndi bambo ake m'shedi ya mathirakitala: paipi yolimba, yodulidwa ndi kupalidwa ndi tupa kufikira kutsala mano awiri otuluka kumapeto. Mano awiriwo amalowa m'timipata tiwiri ta pa fuliwilo ya njinga ya giya imodzi, ndipo munthu akazunguza ndi sipanala, fuliwiloyo imamasuka. Kwa zaka zonsezi chitsulo chimenecho sichidamukhumudwitsepo.

Aliyense amene adakulira ku Mchinji, ku Chipata kapena ku Angonia amaidziwa njinga ya mtundu umenewu, kaya ndi Humber, Raleigh, Phoenix ya ku China kapena Hero ya ku India. Mphamvu ya munthu imachoka kuphazi n'kulowa m'pedulo, kuchoka m'pedulo n'kulowa mumkono wake, kenaka m'giya yaikulu, m'tcheni, mpaka pa fuliwilo imene imazunguza gudumu lakumbuyo. Njira yonseyi mkuluyo adaidziwa ngati njira ya kumunda. Ankadziwa kuti pedulo yakumanzere imamasulidwa mobwerera, mosiyana ndi mabawuti ena onse. Ankadziwa kuti kotapini, kachitsulo kamene kamamanga mkono wa pedulo ku ekiselo, sikamenyedwa mkonowo uli lende, chifukwa nyundoyo imakaswa mabero a mkati. Amayamba wachirikiza mkonowo pa paipi yoimikidwa pansi, ndipo akatero kotapini imatuluka ndi kumenya kumodzi kapena kuwiri. Tcheni chikaduka ankachigoneka pa nati, n'kukhomerera pini ndi msomali uja, ndipo chinkalumikizika osasiya chilema.

Luso limeneli ndi limene lidamudyetsa pamene zonse zidagwedezeka. M'chaka cha 2000 minda ya azungu idayamba kulandidwa, ndipo ntchito ya m'mafamu idatha ngati madzi a m'dambo mu Okutobala. Antchito ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique sadalandire malo, pakuti ankatchedwa alendo ngakhale mitchombo yawo idakwiriridwa m'komboni momwemo. Lamulo la mu 2001 lidalanda unzika kwa ambiri amene makolo awo adabadwira kunja, mpaka malamulo atsopano a dziko a mu 2013 adatsegulanso khomo kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko oyandikana nawo. Pakati pa zaka zimenezo padadza 2008, pamene ndalama inkatha mphamvu munthu adakali pamzere wogulira buledi. Mkuluyo sankalandira ndalama masiku amenewo. Kuwongola limu kudali mbale ya chimanga, kusintha mabero kudali nkhuku yaing'ono. Eni minda atsopano, amene ena mwa iwo adafika ndi nyimbo ndi nkhwangwa, nawonso ankabwera pansi pa mango uja, pakuti fodya wouma ndi moto amafuna nkhuni, ndipo nkhuni zimayenda pa kaliyala.

Chimene sadachiyembekeze n'chakuti njinga nazo zidzasintha. Pang'onopang'ono m'misewu ya fumbi ya ku Tengwe mudayamba kuoneka njinga za magiya ambiri, zogulidwa zitagwirapo kale ntchito, zina zochokera ku Harare, zina zobwera pamwamba pa mabasi a ku Johannesburg. Akazibweretsa, mkuluyo ankamata chubu ndi kumanga masipoko, koma nkhani ikafika pa magiya ankapukusa mutu.

"Izi si njinga, ndi zidole," ankatero. "Pitani nazo kwa amene adakugulitsani."

Kenaka chidole china chidalowa m'nyumba mwake momwe. Mdzukulu wake, mtsikana wa Fomu 4 amene amakhala naye, adatumiziridwa njinga yotere ndi mayi ake amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Harare. Idali ndi magiya atatu kutsogolo ndi asanu ndi imodzi kumbuyo. Sukulu ya sekondale ili kutali, ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo njingayo idasandutsa maola awiriwo kukhala mphindi makumi anayi. M'banja lonselo, kuyambira pa amene adawoloka pa Tete, palibe amene adafikapo pa mayeso a Fomu 4. Mtsikanayo ndiye adali woyamba.

Kutatsala masabata awiri kuti mayeso a ZIMSEC ayambe, adafika kunyumba akukankha njingayo, bondo lili magazi okhaokha. Pa chitunda cha kutsidya kwa mtsinje adaimirira pamapedulo, tcheni chidalumpha mano, phazi lidapita pachabe, iye n'kugwera pamiyala.

"Chayamba kale, agogo," adatero. "Ndimaopa kukuuzani, poti mumati ndi chidole."

Mawuwo adamulasa mkuluyo kuposa mmene adaonetsera. Adatembenuza njingayo, natenga lula ya mdzukuluyo. Mapini a tcheni cha njinga amatalikirana theka la inchi, kotero kuti kuchokera pa pini imodzi kukafika pa ya 24 kutsogolo kwake pamayenera kukhala mainchi 12 ndendende. Tcheni chikamatha, mapini ndi timabowo take zimadyana, ndipo chimatalika. Chikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, nthawi yosintha yakwana. Chikapitirira ndi mamilimita atatu, ndiye kuti chadyanso mano a magiya. Cha mtsikanayo chidapitirira pamenepo. Mano a magiya ang'onoang'ono akumbuyo adali atapindika nsonga ngati minga ya mthethe. Kuika tcheni chatsopano pa mano otere n'kutaya ndalama, chifukwa chimangolumpha kuposa chakale. Pankafunika kusintha zonse ziwiri.

Mayi a mtsikanayo atamva pafoni, adapita ku Siyaso ku Mbare, nagula tcheni ndi fuliwilo ya magiya asanu ndi imodzi, n'kupatsira kondakitala wa basi. Katunduyo adafika patatha masiku atatu. Mkuluyo adavundukula kansalu kaja, natulutsa chitsulo cha bambo ake, nachiyandikiza pa gudumu. Timipata tiwiri tija padalibe. M'malo mwake, mkati mwa fuliwiloyo mudali bowo lozungulira lokhala ndi timizere tating'ono. Adatiwerenga ndi nsonga ya waya, kawiri konse: tidali 12.

Fuliwilo simasulidwa ndi manja. Imapotedwa pa habu ngati nati, ndipo nthawi iliyonse munthu akaponda pedulo amakhala akuimangitsa. Njinga imene yakwera zitunda kwa zaka imakhala itamangidwa ndi mphamvu ya maulendo onsewo pamodzi. Mkuluyo ankadziwa njira ina yankhanza: kumasula kachivundikiro ka pamwamba ndi msomali, kutaya mabero ndi magiya, kenaka kugwira phata lotsalalo ndi sipanala ya mapaipi. Koma sipanalayo ikaterera imatha kuphwanya habu, ndipo habu ikaphwanyika ndiye kuti gudumu lonse lapita. Ndalama za gudumu padalibe. Komanso adadziwa mumtima kuti njinga zoterezi sizidzasiya kubwera, ndipo munthu sangakhale akuswa chinthu chilichonse chimene walephera kumasula.

Adagulitsa nkhuku ziwiri. M'mamawa adakwera lole yopita ku Karoi, tawuni ya pa msewu waukulu wa Harare ndi Chirundu, m'thumba muli kapepala kamene adajambulapo bowo lija ndi timizere take 12. Sitolo yoyamba adamuonetsa masipanala a galimoto. Yachiwiri adamuuza kuti agule gudumu latsopano. Yachitatu, mtsikana wogulitsa adasakasaka pansi pa shelefu, natulutsa kachitsulo konyezimira kali m'pulasitiki. Kadali kozungulira, kokhala ndi mano kunja. Mkuluyo adawerenga manowo kudzera m'pulasitikimo: 12. Adalipira osanenerera, ndipo ulendo wonse wobwerera dzanja lake lidali m'thumba, litafumbata kachitsuloko.

Adafika dzuwa litapendeka. Mdzukuluyo adagwira gudumu, iye nalowetsa kachitsulo kaja. Kadangopsompsona pakamwa pa bowolo, n'kukana. Adakatembenuza, natsuka bowolo ndi palafini, nayesanso. Kadakana. Adatenga fuliwilo yatsopano ija imene idali pawindo tsiku lonse, nayesa pamenepo. Kadakananso. Mano adali 12 ndithu, koma kachitsuloko kadali konenepa pang'ono chabe, kusiyana kosafika milimita imodzi.

Pamenepo ndi pamene adazindikira kulakwa kwake. Kwa zaka zonsezi wakhala akuuza anthu kuti popita kukagula kotapini azinyamula yakale, chifukwa ina ndi ya mamilimita 9, ina 9.5, ndipo diso silisiyanitsa. Iye mwini adasiya fuliwilo yatsopano pawindo, napita ku Karoi ndi chithunzi cha pakapepala. Nkhuku ziwiri zidapita, tsiku lidapita, ndipo mayeso adatsala ndi sabata imodzi.

Dzanja lake lidapita lokha pa nyundo. Kumenya katatu kapena kanayi, kachitsuloko kakadalowa ndithu.

"Agogo, musamenye," adatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Mukaswa, ndiyenda pa chiyani?"

Mkuluyo adaiyang'ana nyundoyo kanthawi, naibweza m'kabokosi. Usiku umenewo sadadye bwino. Adaganiza zomupatsa mdzukuluyo Hamba ija, koma ndi yaitali, ya mpiringidzo wa amuna, ndipo mabuleki ake a ndodo sagwira bwino pa mtsetse wa kumtsinje. Adaganizanso zomuperekeza yekha pa kaliyala m'mawa uliwonse, koma mawondo ake adasiya kale kukwera chitunda chimenecho atanyamula munthu.

M'mawa mtsikanayo adanena chimene adachisunga usiku wonse. Pa masitolo a ku Tengwe pali mnyamata amene amakonza njinga za magiya. Mkuluyo ankamudziwa. Ndi mwana wa banja lina la Chikorekore limene lidalandira munda pa famu yomweyo, ndipo bambo ake ndi amodzi mwa amene adaima pakhomo la komboni chaka chija, kuuza anthu kuti azipita kwawo ku Blantyre. Mnyamatayo panthawiyo adali asadabadwe. Zokonza njinga adaziphunzira poonera mafilimu pafoni, ndipo mkuluyo adanenapo kangapo pagulu kuti mmisiri wa pafoni ndi ngati msodzi wa pamtunda.

"Safunsa adadya phula, agogo. Mumanena ndinu."

Adamanga gudumulo pa kaliyala ya Hamba, naika fuliwilo yatsopano ndi kachitsulo kokana kaja m'thumba, nanyamuka.

Mnyamatayo atamuona adaimirira, naomba m'manja mwa Chishona, nam'patsa kampando kake komwe. Adalankhulana monga amalankhulirana anthu a kumeneko, wina Chishona chosakaniza, wina Chichewa chotolera kwa anzake a m'komboni. Mkuluyo adaika kachitsuloko patebulo osanena zambiri. Mnyamatayo adakatola, nakatembenuza, ndipo maso ake adawala.

"Sekuru, mwakapeza kuti aka? Ndakhala ndikukafuna chaka chonse."

Kenaka adafotokoza. Magiya akumbuyo a njinga za masiku ano ali mitundu iwiri yofanana pamaso. Mtundu woyamba ndi fuliwilo, imene imapotedwa yonse pa habu, timano togwira tili mkati mwake. Mtundu wachiwiri ndi kaseti: timano togwira timakhala m'habu momwemo, magiya amangolowetsedwa pamwamba, n'kutsekedwa ndi kamphete kopota. Zonse ziwiri zimafuna chomasulira cha mano 12, chochokera ku kapangidwe ka kampani ya Shimano ya ku Japan, koma cha kaseti n'chonenepa pang'ono. Chimene mkuluyo adagula chidali cha kaseti.

"Nanga munthu adziwa bwanji, poti zonse ndi 12?" adafunsa mkuluyo.

Mnyamatayo adaimika gudumulo, nazunguza magiya mobwerera ndi chala. "Yang'anani timizereto, sekuru. Magiya akuzungulira, koma timizere taima. Imeneyi ndi fuliwilo. Tikadazungulira limodzi ndi magiya, ikadakhala kaseti. Ndipo kaseti imafunanso chitsulo chachiwiri, chokhala ndi kachidutswa ka tcheni, chogwirira magiya kuti asathawe pomasula."

Mkuluyo adazunguza yekha, kawiri, katatu. Chinthu chaching'ono chotero, choti akadachiona ndi maso ake akadakhala kuti adazipatsa ulemu njingazi.

Mnyamatayo adatulutsa chomasulira chake, chakuda ndi chokalamba. Chidalowa m'bowomo mpaka pansi ngati chidabadwira momwemo. Adachitsekera ndi nati ya ekiselo kuti chisatuluke, naika sipanala yaikulu, nakanikiza. Fuliwiloyo sidasunthe. Adapanira gudumu pakati pa miyendo, nakanikizanso mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Sipanala idaterera, n'kum'senda chala. Adayesa kachitatu, mnzake atagwira tayala, koma gudumu linkangozungulira m'manja mwawo.

"Yadyana ndi dzimbiri iyi," adatero akupuma mwabefu. "Mwina tiswe basi."

"Iyayi, mwanawe," adatero mkuluyo, ndipo kadali koyamba tsikulo kuti mawu ake atuluke onse. "Ukulimbana ndi gudumu pomwe gudumulo ndiye sipanala yako. Tenga chitsulo chakocho, tiye."

Adabwerera limodzi kufamu, ku shedi yakale ya mathirakitala. Denga lake lidachoka kalekale, zitseko ndi mawindo zidapita, koma pa benchi ya konkire padatsala vayisi yaikulu imene mabawuti ake adamizidwa m'simenti, kotero kuti palibe amene adatha kuichotsa. Ndi pa vayisi yomweyo pamene bambo a mkuluyo adapalira chitsulo cha mano awiri chija. Shediyo tsopano ili m'munda wa bambo a mnyamatayo, ndipo mkuluyo adali asadapondemo kwa zaka zoposa makumi awiri.

Adamanga chomasuliracho m'vayisi, mano ataloza kumwamba. Adagoneka gudumu pamwamba pake, fuliwilo ili pansi, mpaka mano onse atalowa. Adauza mnyamatayo kuti apope tayala kuti manja apeze pogwira. Kenaka adaima mbali ino, mnyamatayo mbali inayo, aliyense atagwira tayala ndi manja awiri ngati chiwongolero cha thirakitala.

"Kumanzere. Osagwedeza. Tikoke limodzi, ndikanena."

Adakoka. Padali kachetechete, kenaka kulira kumodzi kouma ngati nthambi yothyoka, ndipo gudumulo lidayamba kuzungulira mofewa. Mnyamatayo adaseka mokweza. Sipanala yake idali yotalika ngati chikhato ndi theka, koma gudumu limapatsa manja anayi pogwira patali ndi pakati, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, vayisi itagwira chitsulo osasuntha. Pafoni adaziwonapo, adatero, koma vayisi adalibe, ndipo sadaganizepo za iyi imene ankaidutsa tsiku ndi tsiku popita kukadyetsa ng'ombe.

Zotsalazo adachitira pansi pa mango. Mkuluyo adatsuka mazinga a habu, nawapaka girisi kuti wodzamasula mtsogolo asadzavutike chomwecho. Fuliwilo yatsopano adailowetsa ndi zala zokha, poyamba kuibweza m'mbuyo pang'ono mpaka itakhala bwino, chifukwa mazingawo ndi osalala, 24 pa inchi imodzi, ndipo ikalowa mopendama habu yatha. Kumangitsa adasiyira miyendo ya mwini njinga. Pa tcheni mkuluyo adatulutsa msomali ndi nati, koma mnyamatayo adam'gwira dzanja mwaulemu. Tcheni cha njinga ya giya imodzi n'chachikulu, cha gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi, ndipo chimapirira nyundo. Cha magiya ambiri n'chopyapyala, ndipo mbale zake zikapindika pang'ono chimadzaduka munthu ali pachitunda. Adatulutsa kachipangizo kokhala ndi chopotera, kamene kamakankha pini pang'onopang'ono. Adayesa utali pokulunga tchenicho pa giya yaikulu yakutsogolo ndi yaikulu yakumbuyo, nawonjezera inchi imodzi, nadula. Polumikiza, pini sadaitulutse yonse, adaisiya italendewera pa mbale yakunja kuti ibwerere mosavuta. Mfundo idalimba pang'ono, naipinda uku ndi uku mpaka idafewa.

Mkuluyo adapempha kuti ayeseko kachipangizoko pa tcheni chakale chija. Adadula mfundo imodzi, nailumikiza, naidulanso. Sadanene kanthu, koma adafunsa mtengo wake.

Ali pafupi kunyamuka, mnyamatayo adakanda kumutu, nati ali ndi vuto limene pafoni sadalipezere yankho. Alimi ambiri akadali ndi njinga zakale, ndipo iye akaika kotapini yatsopano, mikono ya mapedulo siiyang'anizana bwino, wina umatsogola, ndipo pakatha sabata imayamba kugwedera. Mkuluyo adatenga kotapini m'kabokosi, namuonetsa mbali yake yosendeka. Mbali imeneyo, adatero, imapalidwa ndi tupa mpaka igone bwino pa ekiselo, ndipo makotapini awiriwo apalidwe mofanana, alowe moyang'ana kosiyana, wina mutu uku, wina mutu uko. Imamangitsidwa ndi nyundo, mkono utachirikizidwa pa paipi. Kanati kake n'kongoletsa kuti isatuluke, ndipo wokokera kotapini ndi kanatiko amangodula mazinga. Mnyamatayo adakhala pansi pafumbi, natenga tupa, ndipo dzuwa lidalowa akadali pomwepo.

Za malipiro adakangana pang'ono, aliyense akukana kulandira. Pomaliza adagwirizana chotere: chomasulira kaseti chikakhale kwa mnyamatayo, popeza njinga zotere zimafika kwa iye. Chomasulira fuliwilo chiziyenda pakati pa awiriwo, ndipo wochinyamula akhale mtsikanayo, poti masitolo ali panjira ya kusukulu. Gudumu lokana lizibwera ku vayisi. Bambo a mnyamatayo atamva zimenezi sadanene kanthu, koma patatha masiku awiri udzu wa pakhomo la shedi udapezeka utasengedwa.

Anyamata a kabaza a ku Lilongwe, ku Salima ndi ku Chipata amakumana ndi zomwezi masiku ano, pamene njinga za giya imodzi, kuphatikizapo za Buffalo zimene zimalumikizidwa ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, zikuyenda msewu umodzi ndi za magiya ambiri zochokera kunja. Amisiri ambiri a pansi pa mitengo akadali ndi nyundo ndi msomali basi, ndipo mahabu ambiri amafera m'manja mwawo pa kusiyana kosafika milimita imodzi. Chimene mkulu wa ku Tengwe amauza tsopano aliyense wopita kutawuni ndi chomwe ankanena kale za kotapini, kungoti masiku ano amayamba n'kunena za nkhuku zake ziwiri: nyamula chinthucho, ukayesere pa kauntala pomwepo, usadatulutse ndalama.

Usiku woti mawa mayeso ayamba, adatenga nyali natuluka panja. Adapukuta tcheni chatsopanocho ndi kansalu, nadonthezera mafuta oyera pa mfundo iliyonse, dontho limodzi limodzi, napukutanso otsala kuti fumbi lisakakamire. Mafuta akuda otsala m'injini, amene ankathira pa njinga za nkhuni, sadawayandikize. Adazunguza mapedulo ndi dzanja, nasintha magiya onse asanu ndi imodzi monga adamuonetsera mnyamata uja, kukwera ndi kutsika, kawiri.

Mtsikanayo adanyamuka kusadache bwino, yunifolomu itasitidwa, zolembera zili m'kapulasitiki.

"Ndapita, agogo."

"Pita bwino, mayi. Pachitunda paja usaope kuimirira."

Adaima pakhomo akumvetsera. Njira ya kumtsinje imayamba ndi mtsetse, ndipo mtsikanayo atasiya kupalasa, fuliwilo yatsopanoyo idamveka ikulira tiki-tiki-tiki m'kachisisira ka m'mawa, mpaka kuzimirira kuseri kwa mabalani. Mkuluyo adalowa m'nyumba, natulutsa kabokosi kake. Pansi pa mango padali kale mlimi wina ndi Phoenix yonyamulira nkhuni imene fuliwilo yake inkazungulira mbali zonse ziwiri osagwira. Adavundukula kansalu kaja. Mudali zitsulo ziwiri tsopano, cha mano 12 chodikira kubwerera kumasitolo mawa lake, ndi cha mano awiri. Adatenga cha bambo ake, nauza mlimiyo kuti achotse gudumu.